Sukulu ya kumudzi tiziiyeza mu Febuluwale

Teremu ino itangoyamba ndinapita kumudzi kwa amayi, kuseri kwa Lirangwe, kumene ukasiya tala wa M1 umayamba kumeza fumbi mpaka kukafika. Ndinakafika tsiku la msonkhano wa makolo pasukulu ya pulayimale ya m'mudzimo. Poti makope ndi yunifolomu za mwana wa achemwali anga ndimagula ndine, iwo anati, "Achimwene, lero mupite ndinu, mukamve nokha kumene ndalama zanu zikulowa." Dzina la sukuluyo sinditchula. Amene kwanu ndi kwa Kunthembwe, kwa Lundu, kwa Chigaru kapena kwa Makata muiona ngati yanu ndithu: midadada iwiri ya malata adzimbiri, mjigo pakona, bwalo la mpira lopendekera, ndi mtengo wa mango umene nawonso ndi kalasi.

Tinakhala pansi pa mtengo womwewo, abambo pa mabenchi, amayi pa zitenje zawo. Ahedi anaimirira ndi kope lalikulu n'kuyamba kuwerenga lipoti la chaka chatha. Anthu ankangomvetsera mwaulemu mpaka pamene anafika pa zotsatira za mayeso a Sitandade 8. Apo ndiye mabenchi anagwedera. Okhoza achuluka kuposa chaka chinacho, angapo asankhidwira ku sekondale yoyendera (CDSS) yapafupi, ndipo mtsikana mmodzi wapeza malo ku sekondale yogonera komweko. Nthungululu zinamveka mpaka kuchigayo. A gulupu anaimirira n'kunena kuti sukulu yathu tsopano yadzuka. M'manja ndinawomba nawo, ndipo sindikuchita nazo manyazi. Mwana wa mlimi wa nandolo akasankhidwa mudzi wonse umamva kukoma.

Phokoso litazizira, gogo wina amene anakhala kumapeto atatsamira ndodo yake anakweza dzanja. "Aphunzitsi, pepani, ndifunse nawo ine wosapita kusukulu. Ana aja tinabwera nawo chaka chatha kudzalembetsa Sitandade 1, aja anadzaza pansi pa mtengo uno mpaka ena kukhala padzuwa, onse alowa Sitandade 2?" Ahedi anamwetulira, nati, "Agogo, funso lanu ndi lalikulu. Kaundula ali ku ofesi, tidzakuyankhani." Ena anaseka, wapampando wa komiti n'kupititsa nkhani ku njerwa. Funso lija linathera pomwepo.

Koma ine landitsata mpaka ku Ndirande kumene ndimakhala. Pa tonse tinali pamenepo, gogo uja yekha ndi amene anafunsa za chaka cha sukulu yonse. Enafe tinkavinira chaka cha kalasi imodzi. Ndinene mosapsatira: chizolowezi chathu choyeza sukulu za kumudzi ndi zotsatira za PSLCE zokha, mayeso a Sitandade 8 aja, chikutinamiza. Chimatipatsa chimwemwe cha tsiku limodzi n'kutibisira ana ambirimbiri amene anagwa m'njira pepala la mayeso asanalione n'komwe. Wofuna kudziwa ngati sukulu ya alimi yapita patsogolo m'chaka akaiyendere mu Febuluwale, tsiku la mvula, njala ili pachimake, akawerenge mitu imene ili m'kalasi.

Aliyense amene anayendapo pasukulu ya kumudzi amadziwa mmene imaonekera. Sitandade 1 ndi chinamtindi cha ana, ena pafumbi, ena pamiyala, mphunzitsi mmodzi akukuwa mpaka mawu kusasa. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'makalasi oyambirira kupeza ana oposa 100 si chachilendo. Mukamakwera makalasi gulu limanka liphwa ngati thumba lobooka, ndipo pofika Sitandade 8 onse amakwana m'chipinda chimodzi, aliyense pa desiki, mpata n'kutsala. Amene amalemba mayeso a MANEB ndi opulumuka, ndipo kawirikawiri amachokera m'mabanja okhala ndi kanthu: bambo ali ndi dimba la tomato, kapena pali mchimwene kutauni wotumiza ndalama pa foni. Tikamanyadira opulumukawa n'kuiwala enawo, tikunga mlimi amene anabzala ekala yathunthu, mbewu zambiri n'kufera m'nthaka, iye n'kumayenda m'mudzi akuonetsa zimanga zitatu zikuluzikulu za pachulu.

Chiwerengero cha okhoza chimathekanso kuchidzoza mafuta. Si chinsinsi kuti m'sukulu zina mwana wooneka wofooka amamubweza mu Sitandade 7 kuti asakaipitse mbiri ya sukulu pa mayeso. Ena amabwereza Sitandade 8 kawiri kapena katatu pofuna kusankhidwira ku sekondale yabwino, ndiye mwana mmodzi yemweyo amawerengedwa kuti wakhoza chaka ndi chaka. Aphunzitsi odziwika kuti ndi akatswiri amapatsidwa Sitandade 8, pamodzi ndi madesiki abwino ndi chipinda chosadontha, pamene tiana ta zaka 6 timapatsidwa mtengo wa mango ndi mphunzitsi amene wangotuluka kumene ku koleji. Ahedi ochita zimenezi sindikuwatcha oipa. Akuchita zimene ife makolo timawawombera m'manja, zimenenso akuluakulu awo amayamba kufunsa akangotsika pa njinga yamoto.

Nanga Febuluwale walakwanji? Chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala, nyengo imene kumudzi moyo umapepukirako. Chimanga chikadali m'matumba, nandolo wangogulitsidwa kumene, njira n'zouma, mitsinje mwana amangoilumpha. Kaundula amadzaza. Mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala ana akuluakulu amasowa masiku obzala, koma awo amakhala masiku ochepa. Mavuto enieni ali m'teremu yachiwiri, kuyambira Januwale mpaka Malichi. Ufa watha m'nyumba, chimanga cha m'munda sichinakhwime, mtengo wake pamsika wa Lunzu wakwera, ndipo banja lonse limalawira kukasaka ganyu wopalira kapena wobandira kuti lipeze kambale ka ufa, ngakhale madeya. Mnyamata wa Sitandade 5 khasu amalitha, ndiye amapita nawo. Mtsikana amatsala kulera khanda kuti amayi akagwire ganyuyo. Wina amathandiza abambo ake kukankha njinga ya makala usiku kulowera kutauni, m'mawa n'kubwerako miyendo ili nyenyenye. Onjezanipo malungo, amene nyengo yawo ndi yomweyi, ndi kamtsinje kamene kakadzaza ana a tsidya lina amangoima pagombe, kuyang'ana madzi, n'kubwerera kwawo.

Mwana amene wajomba masabata atatu mu Febuluwale sabwerera pamene anasiyira. Anzake apitirira, iye akungoyang'ana pa bolodi osatolapo kanthu. Kumapeto kwa chaka amalephera n'kubwereza. Chaka chinacho njala ibweranso, abwerezanso. Pofika zaka 13 ali mu Sitandade 4 pakati pa tiana tomulekeza m'chiuno, manyazi amamugwira, ndipo tsiku lina sapitanso. Palibe amene amalengeza pamsonkhano kuti uje wasiya sukulu. Dzina lake limangosiya kuitanidwa. Akakhala mtsikana, sipapita nthawi wina wa kabaza kapena wa kagolosale amayamba kumuuza za banja. Malamulo aakulu a dziko lino anasinthidwa mu 2017 kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sangalowe m'banja, koma m'nyumba mukagona masiku awiri osasonkha moto, lamulo limamveka ngati lili kutali ku Lilongwe.

Kulowetsa ana pachipata cha sukulu tinayamba kukutha kalekale. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ya pulayimale mu 1994, ana anachoka pa osakwana 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linawonjezera kuti sukulu ya pulayimale ndi yokakamiza. Chimene chikutikanika mpaka lero ndi kuwasunga m'kalasi ndi kuwaphunzitsa kuwerenga. Kafukufuku wa MICS amene nthambi ya boma yoona za ziwerengero, National Statistical Office, inachita mu 2019 ndi 2020 anapeza kuti mwa ana a zaka 7 mpaka 14, pafupifupi mmodzi yekha mwa asanu ndi amene ankatha kuwerenga kankhani kafupi n'kukamvetsa. Pa masamu zinali zomvetsa chisoni kuposa apo. Ana anayi otsalawo ambiri a iwo maina awo ali m'kaundula, ndipo yunifolomu anavala.

Taganizirani mwana amene anayamba Sitandade 1 mu Sepitembala 2019 kuno ku Blantyre. Asanamalize chaka choyamba, mu Malichi 2020, sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19 kwa miyezi yoposa isanu, ndipo maphunziro a pa wailesi ankafika m'nyumba zokhala ndi wailesi ndi mabatire basi. Ali mu Sitandade 4, ngati sanabwereze, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anatigwera. Tonse tikukumbukira matope a ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, ndi anthu oposa 1,000 amene anamwalira kapena kusowa. Sukulu zinatsekedwanso, makalasi ambiri n'kusanduka misasa ya anthu ogumukiridwa nyumba. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba ya El Niño, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Zitatu zonsezi zinagwa mu Malichi, m'teremu yachiwiri yomwe ija. Ngati mwana ameneyu akadali pasukulu lero, kaya amakhala nambala wani kaya wotsiriza, aphunzitsi ake ndi amayi ake agwira ntchito yoyenera nthungululu, koma lipoti la pamsonkhano silimudziwa.

Msonkhano uja utatha sindinafulumire kubwerera. Ndinakhala masiku angapo ndikucheza ndi aphunzitsi, amayi ophika phala ndi achemwali anga. Ndinapeza kuti a gulupu sananame, sukulu yadzukadi, kungoti yadzukira m'malo amene lipoti la ahedi linangodutsapo mothamanga.

Tiyambe ndi phala. Sukuluyi imalandira ufa wa likuni phala kuchokera ku Mary's Meals, bungwe limene linabadwira m'dziko muno mu 2002 n'kuyamba ndi ana 200 okha. Ufa umabwera, koma ophika ndi nkhuni n'za mudzi. M'zaka zam'mbuyomu mudzi uliwonse unkaphika sabata yathunthu. Ikafika nthawi yopalira, amayi a mudzi umene unali ndi gawo ankathamangira kuminda, mapoto n'kuzizira masiku awiri kapena atatu, ndendende m'masabata amene ana ankalifunitsitsa phalalo. Mlandu umenewu unali wathu, eni mudzi. Chaka chatha gulu la amayi la pasukulupo linakhala pansi ndi anyakwawa n'kugwirizana kuti midzi iziphika mosinthana tsiku ndi tsiku, kuti mayi aliyense azitaya m'mawa umodzi wokha, ndiponso kuti nkhuni zisonkhedwe mu Okutobala mvula isanagwe. Akuti moto sunazime teremu yonse yachiwiri. Mayi wina anandiuza akuseka, "Achimwene, wanga uja ndikamuuza kuti lero tipite ku ganyu amalira, akuti kusukulu kuli phala. Ndiye ndimangomusiya, pakamwa pamodzi pachepa." Alipo anzanga ophunzira amene amakwinya nkhope akamva kuti ana amapitira phala. Ine ndimati apitire phalalo. Akalowa m'kalasi ndi kapu m'manja, malembo awapeza komweko.

Kenako pali nyumba ya mphunzitsi. Inakhala zaka zambiri italekezera pa mawindo, udzu n'kumera m'kati. Njerwa makolo anaumba n'kuwotcha okha, koma malata ndi simenti zinkangothawa, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chaka chatha anasonkherana atagulitsa nandolo, ana a m'mudzimo okhala kutauni tinaponyapo kangachepe, denga n'kukwera. Mphunzitsi amene analowamo poyamba ankachita lendi ku Lirangwe n'kumapalasa njinga tsiku lililonse. Masiku a mvula ankafika dzuwa litakwera, matope mpaka m'maondo, mwinanso osafika, ana n'kumangosewera fulaye panja. Tsopano belu likalira ali kale pakhomo pa kalasi. Koposa apo, poti amatunga madzi pa mjigo womwewo ndi amayi a anawo, mwana akasowa masiku awiri amadziwa wofunsa. Andale amakonda kumanga midadada chifukwa imaoneka kuchokera kumsewu ndipo pali khoma lolembapo dzina. Sindikuinyoza midadadayo, amene anaona ana akuthawa mvula pansi pa mtengo sanganyoze denga. Koma ndikanakhala m'komiti yoona za ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, kwathu, ndikanayamba ndafunsa kuti aphunzitsi akugona kuti.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi chimene ahedi anachita mwakachetechete, ndipo pamsonkhano sanachitchule n'komwe, mwina poopa makolo. Anatenga mayi wina amene waphunzitsa zaka zambiri, amene aliyense amadziwa kuti Sitandade 8 ndi yake, n'kumutsitsira ku Sitandade 1. Poyamba ena anati amulanga. Iye mwini anandiuza kuti anadandaula sabata yoyamba yokha. "Bambo, kumtunda kuja ndinkalandira ana osatha kuwerenga funso, ine n'kumawaloweza mayankho ngati nyimbo. Kuno ndikuumba ndekha." Ndinakhala kumbuyo kwa kalasi yake m'mawa wina. Ana ankatchula maliwu a malembo, kuwaphatikiza, ma me mi mo mu, kenako kupanga mawu, njira ya National Reading Programme, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga imene inayamba mu 2016. Anawagawa m'timagulu, odziwako n'kumathandiza anzawo, iye akuzungulira ndi makadi odula pa makatoni a sopo. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo palibe mlimi wa kwathu amene amasunga feteleza yense kuti adzathire chimanga chitamasula kale ngayaye. Chodabwitsa n'chakuti alimi omwewo tikafika pa sukulu timafuna zabwino zonse zipite ku kalasi yomaliza.

Phindu la zimene anachita ahedi awa lidzaoneka pa zotsatira za MANEB patatha zaka zisanu ndi ziwiri, mwina iwo atasamutsidwa kale. Chaka chino ndi chamawa okhoza Sitandade 8 akhoza kutsikako pang'ono, ndipo pamsonkhano adzawanena. Apa ndi pamene muyeso wathu umapwetekera anthu abwino: umalanga mphunzitsi wamkulu woganiza zakutsogolo n'kukweza woweta kalasi imodzi.

Za atsikana ndinene mwachidule, poti eni nkhani ndi amayi. Chimbudzi chawo chinamangidwa chokhala ndi chitseko ndi kachipinda kosinthira, ndipo gulu la amayi limasoka nsalu zogwiritsa ntchito atsikana akakhala kumwezi. Anabwezanso kusukulu mtsikana wina amene anabereka, monga mmene ndondomeko ya boma imalolera kuyambira mu 1993. Agogo ake ndiwo amalera khandalo m'mawa.

Sizonse zinayenda. Mabuku akadali ochepa, ana angapo kuunjikana pa buku limodzi, ndipo kupita nalo kunyumba n'kosatheka. Sitandade 2 ikadali panja, mvula ikagwa amaiphatikiza ndi Sitandade 3, phunziro n'kusanduka msonkhano. Khoma la Chingerezi nalo likadali pomwepo. Pofika Sitandade 5 maphunziro amakhala m'Chingerezi, ndipo mayeso a PSLCE ndi a m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa. Mwana amene sanagwire kuwerenga m'chilankhulo chimene amalotera amafika pamenepa n'kungoima. Matabuleti a pulogalamu ya BEFIT, amene boma layamba kufikitsa m'makalasi oyambirira kuchokera mu 2023, ndimawalandira ndi manja awiri, koma tabuleti imaphunzitsa mwana amene wabwera. Amene ali kumunda wa eni akubandira siimuona.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe, ndipo achemwali anga omwe anandiyankha kale. Anati, "Achimwene, inu mukukhala kutauni chifukwa munasankhidwa. Lero mukutiuza kuti kusankhidwa kulibe ntchito?" Mawu amenewa anandilasa, chifukwa ndi oona. Kwa banja losauka, mwana mmodzi wofika ku sekondale ndiye nkhokwe ya mawa, ndipo palibe kholo limene lingasangalale kumva kuti mwana wake sanajombe chaka chonse koma walephera mayeso. Malo a Fomu 1 ndi ochepa poyerekeza ndi okhoza, ndiye mpikisano ndi weniweni. Ndasangalala ndi chilengezo cha boma chakuti kuyambira Januwale 2026 fizi ya m'sekondale zake ichoke. Koma mwayi umenewo udzadyedwa ndi amene afika Sitandade 8 akudziwa kuwerenga. Sukulu ikasunga ana ambiri m'makalasi oyambirira, okhoza ndi osankhidwa adzachuluka okha pakapita nthawi, ndipo adzachokera m'nyumba zambiri, kuphatikizapo zofolera ndi udzu. Ndiye sindikuti tileke kuwerenga okhoza. Ndikuti tisayambire pamenepo.

Ena adzati kaundula amanama, mphunzitsi akhoza kungochonga maina onse kuti alipo. Zimachitika. Koma kuwerenga mitu ya ana sikufuna digiri. Gogo uja akhoza kuima pakhomo pa kalasi ndi nyemba m'thumba, mwana aliyense wolowa nyemba imodzi, n'kudziwa zoona kuposa fomu iliyonse. Ophika phala amadziwa kale, poti amawerenga makapu tsiku lililonse. Chikusowa n'chakuti chiwerengero chimenechi chizinenedwa poyera, pamsonkhano, ndi ulemu womwe timapereka ku zotsatira za mayeso.

Pali njira ina imene midzi yambiri yatenga imene ine sindigwirizana nayo kwenikweni: chindapusa. Mafumu amakhazikitsa lamulo kuti kholo limene mwana wake wajomba lipereke nkhuku, mwinanso mbuzi. Pa nkhani ya maukwati a ana mphamvu ya mafumu ndi yofunika, ndipo zimene Inkosi Kachindamoto anachita ku Dedza pothetsa maukwati otere dziko lonse linaziona. Koma kukwatitsa mwana ndi kujombetsa mwana chifukwa m'nyumba mulibe ufa ndi milandu iwiri yosiyana. Mayi amene watenga mwana wake kupita naye ku ganyu mu Febuluwale nkhuku anagulitsa kale mu Januwale. Mukamulipiritsa, adzangophunzira kubisala anyakwawa akamadutsa. Kholo lolekerera mwana kuti azikaonera filimu m'mashedi a pamsika nthawi ya sukulu, limenelo lilipitsidwe, sindilimvera chisoni. Mfumu yanzeru imasiyanitsa awiriwa, ndipo imayamba yatuma munthu kukaona ngati pakhomopo pakufuka utsi.

Pempho langa kwa makomiti a sukulu za kumudzi kuno ku Blantyre silifuna ndalama. Pakhoma la ofesi ya ahedi pamakhala kale mapepala osonyeza mmene ndalama za SIG, zimene boma limapereka zotukulira sukulu, zayendera ndi maina a okhoza mayeso. Pambali pake pamatidwe pepala lina, lolembedwa m'Chichewa ndi zilembo zikuluzikulu, lonena kuti kalasi iliyonse inalembetsa ana angati mu Sepitembala ndipo tsiku lina losalengezedwa la mu Febuluwale munapezeka angati. Mu Julayi, makolo awiri kapena atatu odziwa kuwerenga akhale pansi pa mtengo ndi ana a Sitandade 2 ndi 3, mmodzimmodzi, awapatse kandime kafupi kamene sanakaonepo, aone amene akutha kukawerenga. Chiwerengero chimenecho chilembedwenso pa pepala lomwelo. Chaka chinacho tidzafanizire. Pepala lotere likhoza kuchititsa manyazi chaka choyamba, ndipo ahedi ena adzaliopa. Nchifukwa chake liyenera kukhala la komiti ndi makolo, losatumizidwa ku ofesi iliyonse kuti munthu akadzudzulidwe nalo. Likangosanduka fomu ya kuboma, manambala ake adzayamba kukongola okha.

Usiku woti mawa ndibwerera, tinakhala pakhonde ndi mwana wa achemwali anga uja, amene tsopano ali mu Sitandade 3. Foni ya agogo ake inalira, uthenga. Kale zikatero ankadikira mpaka m'mawa kuti akapeze mnyamata wa pa golosale awawerengere, ndipo chinsinsi cha banja chinkathera pomwepo. Mtsikanayo anailanda, n'kuyandikira ku tochi, chala pa galasi. Anayamba pang'onopang'ono, phatikizo ndi phatikizo, akubwerera akalakwitsa. Unali uthenga wa amalume ake ena a ku Johannesburg, wonena kuti ndalama ya feteleza atumiza mwezi ukatha. Anawerenga mpaka kumapeto, agogo ake n'kumuuza kuti abwerezenso, osati chifukwa sanamve.

Pokagona anandifunsa, "Amalume, mubweranso liti?"

Ndinati mu Febuluwale, ndikufuna ndidzaone kalasi yawo.

Anandiyang'ana kumapazi, nsapato zanga za kutauni zili mbuu ndi fumbi. "Mudzabwere ndi jombo. Mtsinje uja ukadzaza ife timavula yunifolomu n'kuisenza pamutu."